Mayina Atatu

Andituma ndi kabuku, cholembera chotafunidwa kumutu,
ndalama ya basi ndi mawu amodzi:
mubweretse atatu okha, a Kanyenda, mabedi ndi ochepa.
Ndatsika pa Chamama dzuwa lili paliwombo,
bondo lomwe linandichotsa m'bwalo likung'ung'udza.

Bwalo lake ndi lopendekera kudambo.
Mizere aithira phulusa m'mawa uno,
magolo ndi a bulugamu, lina lopindika msana,
ndipo mbuzi yakana kuchoka pakona.
Anyamata onse amva kuti kwabwera munthu wa kabuku.
Akuthamanga ngati chigafa chagwira moto.

Nambala naini ndi Sinoya.
Chifuwa ngati chitseko cha sitolo,
wagoletsa ziwiri ndisanatsegule tsamba.
Kalata ya aphunzitsi ikuti zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi,
koma chibwano chaona lezala lero,
ndipo kamwana kuseri kwa golo kakufuula, "Ababa! Ababa!"
Ndalemba: mphamvu zilipo. Zaka adziwa ndi Mulungu.

Yobe wa kuphiko ndi kabaza wopanda mabuleki.
Wadyetsa njomba anthu atatu,
kenako wadzidyetsa yekha, nagwa.
Ndalemba: miyendo yafika, mutu ukadali m'njira.

Goloboyi Filimoni wavala magolovesi opoperera mankhwala.
Wafumbatira mpira womwe ine ndinauwerengera kale.
Amakalipira akulu ake osaphethira.
Ameneyu sindimuganizira kawiri.

Ndiye pali kena pakati apo,
sikisi yolembedwa ndi choko kumsana,
nsapato imodzi, inayo wabwereketsa mnzake.
Zikhatho zakuda ndi phula la fodya.
Sikathamanga. Kamacheuka.
Mpira usanafike kaona kale kumanzere, kumanja,
kaugunda kamodzi, mpata nutseguka
pomwe ife tonse timaona khoma.
Palibe woomba m'manja.
Nthungululu zapita kwa Sinoya, yemwe wangomaliza
chiganizo chimene kameneka kanayamba.

Ndafunsa wogulitsa nzimbe.
Akuti ndi Dafita, mwana wa tenanti wa kuesiteti,
fodya akagulitsidwa abwerera kwawo, kaya n'kuti.
Akuti kamakomoka nthawi zina kakasewera ndi njala.

Ine ndinalakwapo.
Ku Santhe ndinakhwatcha dzina la wamfupi wina,
lero ndimatsitsa wailesi akamalitchula.
Wina wamtali ndinamulonjeza ndege,
ndinam'peza chaka chatha akuitanira minibasi,
nandipatsa moni ngati palibe mlandu.
Ntchito yathu ndi yogula chimanga chili mmera:
uyang'ana tsamba, ulosera nkhokwe,
mvula osakufunsa.

Wenzulo yalira. Fumbi likukhala pansi.
Filimoni ndalemba. Yobe ndalemba, mutu tikaudikira.
Mzere wachitatu ukundiyang'ana.
Sinoya angatipatse zigoli Loweruka likudzali,
mabwana n'kundigulira fanta, ntchito yanga n'kukhala.
Dafita afuna zaka zinayi, mazira, nsapato ziwiri
ndi munthu wopirira,
zinthu zomwe timu yathu sinagulepo.

Onse andizungulira, aliyense akutchula dzina lake mokweza,
wina akundionetsa chipsera cha pamwendo ngati satifiketi.
Kameneko kaima kumbuyo, kakumanga chala chamagazi ndi pulasitiki.
Gulu litamwazika kabwera, maso pansi:
"Bwana, cholembera chanucho mukathana nacho
mundigawire. Mawa tili ndi mayeso."

Za Lilongwe sikanafunse.

Ndachiyang'ana cholembera changa chotafunidwa.
Basi yomaliza ikuliza hutala kumsika,
Sinoya wanyamula mwana wake paphewa, akundiyang'ana chapatali.
Ndati, chimavutavuta chimenechi,
tayamba wayesa ngati chikulemba,
ndi kum'patsa kabuku kali chitsegulire,
chala changa chili pamzere wachitatu.

Walemba pang'onopang'ono, lilime lili panja,
nasiya chidindo cha phula pakona ya tsamba.